Mfuti ikhale ndi bulu buku ngati galimoto? Mafunso pa mkangano wa ku America

Kukangomveka kuti wina walowa ndi mfuti m'sukulu kapena m'sitolo ku America n'kupha anthu, funso limene limabwerabwera ndi lomweli: galimoto imalembetsedwa kuboma, woyendetsa amayesedwa, mwini wake amadula inshulansi, nanga mfuti yalekeranji? Funsoli limakoma m'khutu, moti ambiri amaliyesa lothetsa nkhani. Pali pamene galimoto ndi mfuti zimayendera limodzi ndithu, koma pali pamene zimapatukana, ndipo mphambano yake si pamene anthu ambiri amaloza.

Bwanji akuyerekeza mfuti ndi galimoto, osati ndi chikwanje kapena mpeni?

Chifukwa ziwirizi zimatha anthu mofanana. Bungwe la boma loona za matenda la CDC linawerenga anthu 48,830 amene anafa ndi mfuti mu 2021. Chaka chomwecho misewu inatenga miyoyo yoposa 42,000. Zonse ndi zitsulo zimene munthu wamba amagula ndi ndalama zake n'kukasunga pakhomo, ndipo zonse zachuluka. Magalimoto olembetsedwa alipo pafupifupi 280 miliyoni, pomwe bungwe la Small Arms Survey la ku Geneva linayerekeza kuti mu 2017 anthu wamba anali ndi mfuti 393 miliyoni, kuposa anthu onse a m'dzikomo. Chiwerengero choyambacho chinachokera m'mabuku a boma. Chachiwiricho n'chongoyerekeza, pakuti buku la mfuti kulibe.

Kulibe bwanji? Boma lonse la America osadziwa amene ali ndi mfuti?

Boma lalikulu la ku Washington silidziwa, ndipo linadzimanga lokha manja kuti lisadziwe. Lamulo la 1986 lotchedwa Firearm Owners Protection Act limaletsa bomalo kukhala ndi kaundula wa mfuti ndi eni ake. Munthu akamagula mfuti m'sitolo yovomerezeka amalemba fomu yotchedwa 4473, ndipo kuyambira 1998 mwini sitolo amayamba wafunsa ku FBI ngati wogulayo alibe mbiri yomuletsa. A FBI akamuvomereza amafufuta dzina lake pasanathe maola 24, fomu ija n'kutsala m'kabati ya sitolo.

Ndiye taonani zimene zimachitika wapolisi akatola mfuti pamalo pomwe paphedwa munthu. Amatumiza nambala yodindidwa pa mfutiyo ku ofesi ya bungwe la boma loona za mfuti la ATF ku Martinsburg, m'chigawo cha West Virginia. Kumeneko amayamba kufunsa fakitale kuti munaigulitsa kwa yani, kenako wopikulitsa, kenako sitolo, kuti mwini wake akafukule fomu ija. Sitoloyo ikakhala kuti inatsekedwa kale, mapepala ake amakhala atatumizidwa ku Martinsburg komweko m'makatoni, ena atanyowa ndi madzi osefukira, ena atapsa m'mbali. Ogwira ntchito amawajambula n'kuwaika pa kompyuta, koma lamulo sililola kuti asanjidwe mwakuti munthu alembe dzina n'kuona mfuti zonse za mwini dzinalo. Amatsegula tsamba ndi tsamba. Pamapeto pa ntchito yonseyi chimene amapeza ndi dzina la woyamba kuigula basi. Ngati iyeyo anaigulitsa kwa mnansi wake zaka khumi zapitazo, m'zigawo zambiri sipanafunike pepala lililonse, ndipo mapazi amazimiririka pompo.

Pali zochepa zimene zimalembetsedwa ku Washington, monga mfuti zija zolavula zipolopolo mosalekeza, zomwe lamulo la 1934 linazigwira m'masiku a zigawenga za mtundu wa Al Capone. Hawaii ndi mzinda wa Washington amalembetsa mfuti zonse. Florida inachita kuika lamulo loletsa kaundula wotere.

Akuopa chiyani? Kulembetsa si kulanda ayi.

Iwo amati kalembera ndi khomo la kulanda, ndipo umboni ali nawo. Mu 1996 munthu anapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo pasukulu ya ku Dunblane ku Scotland. Chaka chotsatira Britain inaletsa pafupifupi mfuti zonse zam'manja, ndipo kuzitolera sikunavute poti apolisi ankadziwa khomo lililonse lomwe linali nayo. Mzinda wa New York unayamba kulembetsa mfuti zazitali mu 1967. Mu 1991 unaletsa mitundu ina, ndipo makalata ouza eni ake kuti azichotse anatumizidwa poyang'ana kaundula yemwe uja.

Munthu akhoza kunena kuti Britain inachita bwino, ndipo ine ndili m'gulu la onena choncho. Koma asanene kuti mantha a mwini mfuti wa ku Texas ndi misala. Palibe gulu limene likumenyera kuti magalimoto a mtundu wakutiwakuti alandidwe m'manja mwa eni ake, pamene magulu ofuna kuti mfuti zina ziletsedwe alipo, ndipo sabisa. Mwini galimoto akalembetsa sataya tulo. Apa m'pamene fanizo la galimoto limayambira kutsimphina.

Kodi kuyendetsa galimoto si ufulu nakonso?

Pamaso pa makhoti a ku America, ayi. Ndi mwayi umene chigawo chimapereka, ndipo chikhoza kuulanda. Mfuti ili m'malamulo aakulu a dziko, m'ndime yachiwiri mwa zimene zinawonjezedwa mu 1791. Kwa zaka zambiri ankatsutsana ngati ndimeyo ikunena za munthu payekha kapena za magulu a nzika zotetezera dziko, mpaka mu 2008 khoti lalikulu linagamula, pa mlandu wa Heller, kuti munthu ali ndi ufulu wosunga mfuti yam'manja m'nyumba mwake. Mu 2022, pa mlandu wa Bruen, linapitirira pamenepo: lamulo lililonse la mfuti liyenera kukhala ndi lofanana nalo m'mbiri yakale ya dzikolo. Lero maloya a mbali zonse amakhalira kufukula malamulo a zaka za m'ma 1700 ndi 1800, galimoto isanafike n'komwe.

Khotilo silinanene kuti ufuluwu ulibe malire. Mu 2024, pa mlandu wa Rahimi, linavomereza kuti munthu amene khoti lamuletsa kuyandikira mkazi kapena bwenzi lake chifukwa cha nkhanza asakhale ndi mfuti.

Ndamva eni mfuti ena akuti, chabwino, tichite ngati galimoto. Ndiye kuti avomera?

Akuseka. Amati tiyeni tiwerenge bwinobwino malamulo a galimotowo. Ku America munthu akhoza kugula galimoto alibe laisensi, n'kuisunga pafamu pake yopanda nambala, yopanda inshulansi, mwana wake n'kumaiyendetsa m'munda. Wotuluka kundende dzulo akhoza kugula galimoto lero, palibe wofunsa FBI. Laisensi ya ku Texas imagwira ntchito ku New York. Ndiye mfuti ikakhala ngati galimoto, ya m'nyumba siifunika pepala, ndipo chilolezo choyenda nayo cha chigawo chimodzi chiyenera kulemekezedwa m'zigawo zonse 50. Chomalizachi ndicho akhala akupempha kwa zaka.

Ndi yankho lochenjera, koma lili ndi mabowo. Galimoto yoimikidwa kuseri kwa nyumba siipha kawirikawiri, pamene mfuti ya m'nyumba ndiyo imatha anthu, makamaka a m'nyumba momwemo. Komanso zigawo zoposa theka tsopano zimalola munthu kuyenda ndi mfuti pagulu popanda chilolezo chilichonse, koma palibe chigawo ngakhale chimodzi cholola munthu kulowa pamsewu alibe laisensi.

Za inshulansi, alipo amene anayesa?

Unayamba ndi mzinda wa San Jose ku California. Mu Meyi 2021 wogwira ntchito pamalo okonzera sitima zamumzinda anapha anzake 9 n'kudzipha. Kumayambiriro kwa 2022 khonsolo ya mzindawo, meya wake ali Sam Liccardo, inalamula kuti mwini mfuti aliyense akhale ndi inshulansi yolipira ena akavulazidwa ndi mfuti yake mwangozi kapena mosasamala, komanso azipereka madola 25 pachaka ku ntchito zochepetsa ziwawa. Magulu a eni mfuti anakasuma, koma mu 2023 jaji anakana dandaulo lawo pa za inshulansi, potengera malamulo akale amene ankalola khoti kuuza munthu woopseza mtendere kuti aike chikole asanayende ndi chida. Kumapeto kwa 2022 New Jersey inafuna inshulansi ya madola 300,000 kwa oyenda ndi mfuti pagulu, koma kumeneko jaji wina anaimitsa. Ku Germany nkhaniyi si yachilendo: mlenje sapatsidwa chiphaso chosakira nyama ngati alibe inshulansi.

Magalimoto nawo sanabadwe ndi inshulansi. New York inayamba kuwalembetsa mu 1901, koma kukakamiza inshulansi kunayamba mu 1927 ku Massachusetts, zigawo zina n'kudzatsatira patapita zaka pafupifupi 30. New Hampshire mpaka lero siikakamiza aliyense.

Ndiye chovuta n'chiyani? Zikumveka bwinobwino.

Chovuta n'chakuti inshulansi imalipira ngozi, pamene mfuti kawirikawiri sizipha mwangozi. Tigawe imfa 48,830 zija. Anthu 26,328 anadzipha okha. Anthu 20,958 anachita kuphedwa. Amene anafa mwangozi, monga mwana woseweretsa mfuti ya bambo ake kapena mlenje wolasa mnzake m'tchire, anali 549. Ndiye kuti pa imfa 100 zilizonse, imodzi yokha ndiyo ili m'gulu limene kampani ya inshulansi ingalipire. Pamsewu zili motembenuka, pafupifupi imfa zonse ndi zangozi. Woyendetsa ataledzera kapena akuthamanga monyanya ndi wolakwa, koma sanadzuke m'mawa n'cholinga chokagunda munthu, ndipo kampani imalipira.

Chimene kasitomala wachita dala kampani siilipira. Ikatero ndiye kuti yamugulitsa chilolezo chopalamula, ndipo ku California komweko lamulo la inshulansi limaletseratu zimenezo. Wodzipha nayenso sakhudzidwa, pakuti inshulansi yamtunduwu imalipira munthu wina amene mwamuvulaza, osati inu mwini. N'chifukwa chake ku San Jose inshulansi ya nyumba yomwe ambiri anali nayo kale imakwanira, poti nthawi zambiri imalipira ngozi zotere. Lamulo linamveka dziko lonse, koma m'thumba mwa mwini mfuti ndi m'manja mwa mayi woferedwa munasintha zochepa.

Olichirikiza amayankha kuti cholinga si chipukuta misozi chokha. Amati makampani akalowamo adzachita zimene anachita ndi magalimoto: kutsitsa mtengo kwa wosunga mfuti m'bokosi lachitsulo lokhoma, kukweza kwa wosasamala. Ganizoli ndi labwino, koma kampani imasiyanitsa mitengo pa chinthu chimene chikuidyera ndalama. Ngozi za mfuti siziidyera zokwanira kuti iyambe kutuma anthu kukayendera mabokosi m'makomo. Pali ovulala osafa, ndipo pakati pa iwowo angozi ndi ochulukirapo. Pamenepo inshulansi ikhoza kulipira bilu ya chipatala. Ndi phindu ndithu, koma si limene anthu amakhala akuganiza akamalira ana ophedwa m'kalasi.

Bwanji osakakamiza makampani kulipira ngakhale munthu wawombera dala?

Zofanana nazo zinayesedwa, ndipo amene anakana ndi omwewo ofuna malamulo okhwima. Mu 2017 bungwe la eni mfuti la NRA linayamba kutsatsa inshulansi yotchedwa Carry Guard, yothandiza munthu amene wawombera wina n'kumati amadziteteza. Otsutsa anaitcha inshulansi ya kupha. Mu 2018 chigawo cha New York chinalipitsa kampani ya Lockton, yomwe inkaiyendetsa, chindapusa cha madola 7 miliyoni, ndipo posakhalitsa malondawo anatha. Mfundo yake ndi yomangika: inshulansi ikalipira zadala imaoneka ngati ikulimbitsa mtima wowombera, ikapanda kulipira oferedwa ambiri sapeza kanthu.

Potulukira palipo, koma si kwa kampani. Amene anakhalako ku South Africa akudziwa Road Accident Fund. Aliyense wothira mafuta amaponyamo kangachepe pa lita iliyonse, ndipo wovulazidwa pamsewu amakadandaula kuthumba limenelo, ngakhale womugundayo atathawa. Thumbalo lili m'ngongole zoopsa ndipo anthu amadikira zaka, koma kapangidwe kake n'komwe kangagwire pa mfuti: msonkho pa chipolopolo chilichonse, ndalama n'kupita kwa owomberedwa. Chodabwitsa n'chakuti msonkho wotere ku America ulipo kale. Kuyambira 1937 msonkho wa pa mfuti zazitali ndi zipolopolo, womwe lero ndi 11 pa 100, umapita kukasamalira nyama zakutchire ndi malo ake. Agwape ndi abakha amapindula, munthu wogona m'chipatala ndi chipolopolo m'chiuno sapezapo kanthu. Mu 2024 California inawonjezera msonkho wakewake wa 11 pa 100, wopita ku ntchito zoletsa ziwawa ndi chitetezo cha m'sukulu.

Chigawenga chingapite kukalembetsa mfuti yake?

Ayi. Khoti lalikulu linanena mu 1968, pa mlandu wa Haynes, kuti munthu woletsedwa kukhala ndi mfuti sangalangidwe chifukwa chosailembetsa, poti kuilembetsa kukanakhala kudzinenera yekha mlandu. Eni mfuti amaikonda nkhani imeneyi. Amakondanso kafukufuku wa boma wa 2016 pakati pa akaidi: mwa amene anali ndi mfuti popalamula, 43 pa 100 anaipeza mumsewu kapena pamsika wachinsinsi, ndipo pafupifupi mmodzi yekha pa 10 anaigula kwa ogulitsa poyera.

Koma mfuti ya pamsika wachinsinsi sinachite kumera yokha. Inatuluka m'fakitale ili ndi nambala, inagulidwa ndi munthu wa mbiri yoyera, kenako penapake inadutsa m'manja. Amene kaundula amalimbana naye ndi munthu wapakatiyo, wogulira chibwenzi chake choletsedwa, kapena wogulitsira pamalo oimika magalimoto osafunsa ngakhale dzina. Aliyense amene anagulitsapo galimoto kwathu kuno akudziwa chifukwa chake amaumiriza wogula kuti asinthe dzina pa bulu buku msanga: ikakagunda munthu kapena kukagwidwa ndi katundu wakuba, apolisi adzagogoda pakhomo la amene dzina lake lili m'bukumo. Mantha amenewo ndiwo ntchito yeniyeni ya kalembera, ndipo pa mfundo iyi fanizo la galimoto ndi lolimba kuposa pa inshulansi.

Kusamvera kwa ena nako si chifukwa chothetsera lamulo. Ku America pafupifupi woyendetsa mmodzi pa 7 alionse alibe inshulansi, koma palibe amene akuti inshulansi ya galimoto ithe.

Nanga adzaona bwanji kuti munthu walembetsa kapena wadula inshulansi?

Apa ndiye pali ntchito. Galimoto imanyamula umboni wake poyera. Pa rodibuloko kwathu kuno wapolisi sayamba ndi mafunso. Amazungulira kutsogolo, kuwerama pagalasi, kuwerenga timapepala tomatidwa pakona, ka COF ndi ka inshulansi, kuona madeti, kenako n'kusuzumira nambala. Mphindi imodzi yakwana. Mfuti imayenda m'thumba la jekete kapena imagona m'dirowa, ndipo malamulo a America salola wapolisi kusecha munthu kapena nyumba popanda chifukwa chomveka. Ku San Jose mwini mfuti amangolemba fomu yotsimikiza kuti ali ndi inshulansi n'kuisunga pamodzi ndi mfutiyo. Imaonedwa wapolisi akakumana ndi mfutiyo pa chifukwa china, nthawi zambiri zinthu zitaipa kale.

Maiko amene analembetsa mfuti zonse, zinawayendera?

Nkhani imene aliyense amatchula ndi ya Canada. Mu 1989 munthu anapha azimayi 14 pasukulu ya zauinjiniya ya École Polytechnique ku Montreal, ndipo mu 1995 dzikolo linalamula kuti mfuti zazitali zonse, za alenje ndi alimi zomwe, zilembetsedwe. Anthu anauzidwa kuti boma lidzawonjezerapo madola a ku Canada pafupifupi 2 miliyoni okha, zina zidzachokera kwa olembetsa. Mu 2002 mkulu wolondoloza chuma cha boma, Sheila Fraser, anaulula kuti ntchitoyo ikulunjika pa 1 biliyoni. Anthu akumidzi anaipidwa nayo, ndipo mu 2012 boma la Stephen Harper linathetsa kaundulayo n'kufufuta zolembedwamo, ngakhale chigawo cha Quebec chinadzayamba wake mu 2018. Chimene otchula nkhaniyi amaiwala n'chakuti Canada sinathetse laisensi ya mwini mfuti, ndipo mfuti zam'manja zimalembetsedwabe. Inataya buku la zitsulo zina n'kusunga buku la anthu.

Ena akulowera kwina. Australia, anthu 35 ataphedwa ku Port Arthur mu 1996, inagula kwa eni ake mfuti pafupifupi 650,000 n'kuziwononga, zotsala n'kuzilembetsa. New Zealand inatsegula kaundula wake mu 2023, patatha zaka zinayi chiphedwere anthu 51 m'mizikiti ya ku Christchurch.

South Africa ndiyo inatsanzira galimoto kwambiri. Lamulo la 2000, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2004, limafuna kuti munthu ayambe wapeza chiphaso chosonyeza kuti ndi woyenera, kenako laisensi ya mfuti iliyonse payokha, ya yodzitetezera n'kumaikonzanso zaka zisanu zilizonse. Koma mu 2016 mkulu wina wa apolisi, Christiaan Prinsloo, anagamulidwa zaka 18 m'ndende chifukwa chogulitsa mfuti zoposa 2,000 zimene zinali m'manja mwa apolisi kuti ziwonongedwe. Zambiri zinakathera kwa magulu a zigawenga a ku Cape Flats. Kaundula analipo, amene anaboola thumba ndi womusunga.

Nanga kwathu kuno tili mbali iti?

Mkanganowu kwathu sungabuke mwanjira imeneyi. Ku Malawi lamulo la mfuti ndi la 1967, chilolezo chimachokera kupolisi, ndipo malamulo aakulu a dziko sapatsa munthu ufulu wa mfuti. Mfuti zimene zinavutitsa dera lathu sizinadutse m'sitolo. Zinali ma AK-47 otsala pa nkhondo ya ku Mozambique yomwe inatha mu 1992, ndipo zotere palibe buku lingazigwire. Kumeneko bungwe la mipingo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba mu 1995 kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera.

Ngati si mapepala, chinachepetsa imfa pamsewu n'chiyani?

Nambala ndi malaisensi zinalipo kale pamene misewu ya ku America inali pachimake pa kupha. Zinthu zinasintha anthu atayamba kuyang'ana galimoto yeniyeniyo. Mu 1965 loya Ralph Nader anatulutsa buku lotchedwa Unsafe at Any Speed, lodzudzula makampani opanga magalimoto, ndipo mu 1966 nyumba ya malamulo inapatsa boma mphamvu yolamula kapangidwe kake. Kunabwera malamba, matumba a mpweya ofufuma pachiwongolero, misewu yokonzedwa pamakona oopsa, ndi nkhondo yolimbana ndi oyendetsa ataledzera. Ngozi iliyonse yakupha inayamba kulembedwa mwatsatanetsatane. Makampani a inshulansi ali ndi bungwe lawo la IIHS, lomwe limagula magalimoto atsopano n'kuwamenyetsa kukhoma, zotsatira zake n'kuuza dziko. Mu 1966 pa mamailosi 100 miliyoni alionse oyendedwa pankafa anthu oposa 5. Pofika 2019 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa 1 ndi pang'ono.

Kumbali ya mfuti zitseko zimenezi zinatsekedwa chimodzichimodzi. Bungwe la boma loona chitetezo cha katundu wogulidwa, lokhazikitsidwa mu 1972, likhoza kuchotsa pamsika mfuti yoseweretsa ana ikapezeka yoopsa, koma lamulo limaliletsa kukhudza mfuti yeniyeni. Mu 1996 aphungu anaika mawu m'bajeti amene anaziziritsa kafukufuku wa CDC pa za mfuti kwa zaka zoposa 20, mpaka anavomerezanso ndalama kumapeto kwa 2019. Mu 2005 kunabwera lamulo loteteza opanga ndi ogulitsa mfuti kuti asasumiridwe mfuti yawo ikapha munthu m'manja mwa wopalamula. Mabanja 9 a ku Sandy Hook, kumene ana 20 ndi akuluakulu 6 anaphedwa pasukulu mu 2012, anapeza kampata podandaula za mmene kampani ya Remington inkatsatsira mfuti yake, ndipo mu 2022 anagwirizana zolandira madola 73 miliyoni. Amene analipira ndi makampani a inshulansi a Remington. Pamene inshulansi inaluma kwenikweni pa nkhani ya mfuti ndi pamenepo, kumbali ya fakitale.

Osauka sadzafinyika?

Adzafinyika, ndipo dandauloli si lonamizira. Kampani imaika mtengo poyang'ana komwe munthu amakhala, ndiye wokhala m'dera la zigawenga, amene mwina ndiye akuifunitsitsa mfutiyo, ndi amene angalipire zambiri. Makhoti a ku America sakonda mtengo pa ufulu: mu 1966 khoti lalikulu linathetsa msonkho umene zigawo zina zinkalipitsa munthu asanavote. Palinso mbiri yowawa. Mu 1956, nyumba yake ku Montgomery itaponyeredwa bomba, Martin Luther King Jr. anapempha chilolezo choyenda ndi mfuti, akuluakulu a ku Alabama n'kumukaniza. Lamulo lopatsa wa mu ofesi mphamvu yosankha amene wamukonda, kapena loika mtengo wokwera, limagwera anthu omweomwewo. Lamulo la chilolezo kapena inshulansi likakhalapo, likhale lotsika mtengo, ndipo aliyense wokwaniritsa zolembedwa apatsidwe popanda kuyang'ana nkhope.

Pa zonse za galimoto, inu mungatengepo chiti?

Laisensi ya munthu: wofuna kugula ayambe waonekera yekha ku ofesi, adinde zala, aphunzitsidwe, adikire. Connecticut inayamba kufuna chilolezo chotere pogula mfuti yam'manja mu 1995. Missouri, yomwe inali ndi chake kuyambira kale, inachithetsa mu 2007. Ofufuza a ku yunivesite ya Johns Hopkins anapeza kuti kuphana ndi kudzipha ndi mfuti kunatsika ku Connecticut n'kukwera ku Missouri. Ena amatsutsa kawerengedwe kawo, monga zimakhalira pa nkhani iyi, koma chifukwa chake n'chomveka. Wogulira mnzake amachita mphwayi akadziwa kuti zala zake zatsala kupolisi. Masiku odikira nawo amafikira gulu lalikulu lija limene inshulansi siiliona. Maganizo odzipha nthawi zambiri amabwera mwamphamvu n'kudutsa, ndipo ambiri opulumuka amapitiriza moyo wawo. Koma mwa oyesa ndi mfuti, pafupifupi 9 pa 10 sapulumuka.

Mwana akatenga mfuti ya makolo n'kukapha nayo, makolowo amayankha mlandu?

Ayamba kuyankha. Mu Novembala 2021 mnyamata wa zaka 15 anapha anzake anayi pasukulu ya Oxford ku Michigan ndi mfuti imene bambo ake anagula masiku anayi m'mbuyomo. M'mawa wa tsikulo akuluakulu a sukulu anaitana makolowo n'kuwaonetsa zimene mwana wawo anajambula papepala la masamu, mfuti ndi munthu wokha magazi. Makolowo sanapite naye kunyumba, ndipo sanatchule kuti pakhomo pali mfuti yatsopano. Mfutiyo inali m'chikwama chake. Mu 2024 James ndi Jennifer Crumbley anapezeka olakwa pa mlandu wophetsa anthu chifukwa chosasamala, aliyense n'kugamulidwa zaka 10 mpaka 15 m'ndende. Anali makolo oyamba ku America kupezeka olakwa pa chiwembu chotere cha mwana wawo pasukulu. Chaka chomwecho ku Michigan kunayamba kugwira ntchito lamulo lokakamiza kukhomera mfuti m'nyumba momwe mumafika ana.